Ndasiya mowa katatu koma ndimabwererako: gulu lothandizana ndingalipeze kuti?

Funso

Ndine bambo wa zaka 39, ndimakhala ku Lilongwe ndipo ndine kalipentala. Mowa ndinauyamba ndili mnyamata, koma zaka zisanu zapitazi wandikulira mphamvu. M'mawa manja amanjenjemera mpaka nditamwako pang'ono, apo ayi ngakhale tepi sindingaigwire. Ndasiyapo katatu. Ulendo wina ndinatha miyezi iwiri, koma ndinagwanso tsiku limene ndinalandira ndalama za makabati amene ndinakhoma. Mayi akunyumba atopa nane. Ndinamva kuti kuli magulu amene anthu osiya mowa amakumana n'kumathandizana. Ndingawapeze bwanji? Amalipiritsa? Kodi si mpingo wina? Ndikuopanso kukakumanako ndi ondidziwa, nkhani n'kuwanda.

Yankho

Achimwene, zikomo polemba mosapsatira mawu. Zonse mwafunsa ndiyankha, koma ndiloleni ndiyambe ndi chimene simunafunse, chifukwa ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri: manja onjenjemera m'mawa aja.

Amenewo si matsire wamba. Mowa umapondereza ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kukankha mwamphamvu kuti ntchito ziziyendabe. Mowawo ukachoka mwadzidzidzi, kukankha kuja kumapitirira popanda chokuletsa. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, nseru, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyambawo ena amagwa n'kumaphupha ngati a khunyu. Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena mutu umasokonekera, amabwebweta, amaona tizilombo tikuyenda pakhoma kapena anthu amene palibe. Achibale akaona zimenezi amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti munthu walodzedwa, chonsecho ndi matenda odziwika bwino, madokotala amawatcha delirium tremens, ndipo amapha ngati wodwala sanalandire chithandizo. Maulendo atatu aja munapulumuka, koma munthu akamasiya n'kubwerera kangapo zizindikirozi zimanka zikula.

Ndiye ulendo wachinayiwu musasiyire nokha kunyumba. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala mukaonane ndi adokotala, mukanene zoona zokhazokha: mumamwa chiyani, wochuluka bwanji, mumayamba nthawi yanji. Ambiri akafika pamaso pa namwino amati "ndimangolawa pang'ono", ndipo bodza limenelo limapweteka mwini wake, chifukwa mlingo wa mankhwala umatengera zimene mwanena. Kawirikawiri amapereka diazepam wa masiku ochepa pamodzi ndi vitamini B1, wotchedwa thiamine, kuti akuolotseni sabata yoyambayo. Diazepam ameneyu musakagule panokha, akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma. Ngati muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, mukanenenso.

Tsopano ku funso lanu. Kusiya mowa inu mumatha, mwachitapo katatu. Chikukuvutani ndi kukhalabe osamwa. Chipatala chimakugwirani dzanja sabata yoyamba, koma Lachisanu la mwezi wachitatu, dzuwa likupendeka, m'thumba muli ndalama za makabati, njira ya kunyumba ikudutsa pa shabini ndipo anzanu akukukodolani, pamenepo namwino palibe. Mayi akunyumba amakukondani, koma chibaba cha mowa sachidziwa. Kwa iwo n'zosamveka kuti munthu wanzeru zake, amene analumbira misozi ili chuchuchu, angagwerenso m'dzenje lomwelo. Wozimvetsa ndi amene anaimapo pa mphambano yomweyo ndalama zili m'thumba. Phindu lenileni la magulu mwamvawo ndi limenelo: amakupatsani anthu otere, pamodzi ndi manambala awo a foni.

Gulu lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, ndipo chiyambi chake sichikusiyana kwenikweni ndi nkhani yanu. Mu May 1935 bambo wina wa ku New York, Bill Wilson, amene anali atatha miyezi isanu osamwa, anapita mu mzinda wa Akron ku Ohio pa za bizinesi. Bizinesiyo inakanika. Ali yekhayekha mu hotela ya Mayflower, wokhumudwa, ankamva phwete la anthu m'bala la hotelayo, ndipo anazindikira kuti akakhala yekha amwa basi. M'malo molowa m'balamo anapita pa foni, naimbira m'busa amene dzina lake analipeza pa mndandanda wa mipingo, kenako anthu ena angapo, kufunsa ngati akudziwa chidakwa china choti acheze nacho. Sankafuna womulangiza. Ankafuna mnzake wa vuto lomwelo, chifukwa anali ataona kuti akamayesa kuthandiza chidakwa chinzake iyeyo samwa. Anamulumikiza ndi dokotala wa maopaleshoni, Bob Smith, amene mowa unali utamusokonezera ntchito. Dokotalayo ananeneratu kuti angokhalapo mphindi 15, koma anacheza maola angapo mpaka usiku. Tsiku la 10 June 1935, limene amati Bob Smith anamwa komaliza, ndi limene a AA amaliwerenga ngati lobadwa gulu lawo. Lero ali m'maiko pafupifupi 180.

Mwina mukudzifunsa ngati kukhala pansi n'kumakamba kungachiritse munthu. Mu 2020 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusefa kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 27 wokhudza anthu 10,565. Mwa anthu amene alangizi anawalowetsa mu AA mwadongosolo, 42 pa 100 alionse anatha chaka osalawa mowa, pamene mwa olandira uphungu wa mtundu wina anali 35 pa 100. Kafukufuku wambiri anachitikira ku America, ndipo manambalawa akusonyezanso kuti oposa theka anamwakonso m'chakacho. Zimenezo sindikubisirani. Koma ku matenda ouma khosi ngati amenewa, kusiyana kotere n'kwakukulu, makamaka pa chinthu chosalipiritsa. Gwiraninso mawu akuti "mwadongosolo": anthuwo sanangouzidwa kuti pitani ku gulu, anachita kuwalumikiza. Inunso muzifuna kulumikizidwa, osati kungolozeredwa ndi chala.

Nanga bwanji simunaonepo chikwangwani chawo? Mwambo wa AA ndi wosadzitsatsa ngati malonda, ndipo alibe nyumba zawozawo. Amabwereka holo ya tchalitchi, kalasi ya pasukulu ana akaweruka, kapena chipinda cha pachipatala. Kwathu kuno magulu otere ndi ochepa, ndipo gulu laling'ono limatha kusintha tsiku kapena malo amene amasunga kiyi akasamuka. N'chifukwa chake mndandanda wa pa intaneti umatha kukhala wakalekale. Ndaonapo munthu atalipira minibasi ziwiri, kufika pamalo n'kupeza chitseko chili chokhoma, ndipo pobwerera anatsikira pa bala. Musanakwere galimoto, lankhulani kaye ndi munthu wamoyo amene analiko sabata yatha.

Munthu wotereyo mumamupeza kudzera ku chipatala komwe ndakutumizani kuja. Ku Lilongwe muli ndi mwayi, chifukwa a Saint John of God, amene anayambira ntchito yawo ku Mzuzu, ali ndi malo mumzindamo, ndipo ali ndi ndondomeko yothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Si chipatala cha boma, choncho mufunsiretu za mtengo. M'zipatala za boma za m'maboma mumakhala anamwino kapena ma clinical officer a matenda a maganizo, ku Blantyre kuli kiliniki yake pa Queen Elizabeth, ndipo chipatala chachikulu cha matendawa ndi Zomba Mental. Anthu ambiri akamva kuti "ku mental" amabwerera m'mbuyo. Musatero. Uchidakwa umaonedwa kumeneko chifukwa ndi matenda okhudza ubongo, osati chifukwa wina akukuyesani wamisala.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Mukafunsa mlonda kapena wolembetsa maina kuti AA ili kuti, akhoza kungopukusa mutu. Dikirani mufike kwa mlangizi kapena namwino mwini wake, mumufunse kuti, "Anthu amene amaliza chithandizo cha mowa kuno amakumana kuti akatuluka? Mungandilumikize ndi mmodzi amene watha chaka osamwa?" Funso lachiwirili limaposa loyamba. Mlangizi sangakupatseni nambala ya wodwala wake, ndi chinsinsi, koma mukhoza kusiya yanu n'kumulola kuti aipereke. Anthu amene akuchira amakonda kuimba mafoni otere, chifukwa monga Bill Wilson uja, kukuthandizani inu ndi mankhwala awo.

Popeza magulu amabwereka maholo, funsaninso ku ofesi ya parishi, kwa mlembi wa mpingo, kwa akatekisiti kapena kwa ashehe ngati pali anthu osiya mowa amene amakumana pamalopo kapena kwina kumene akukudziwa. Ofesi ya social welfare ndi mabungwe olimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, monga Drug Fight Malawi, ndi malo enanso ofunsako. Safunsa anadya phula.

Foni yanu nayo ndi khomo. Tsamba la aa.org limasonyeza maofesi a AA m'maiko osiyanasiyana, ndipo la Online Intergroup of Alcoholics Anonymous lili ndi mndandanda wa misonkhano ya pa Zoom imene imachitika usana ndi usiku. Nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, choncho msonkhano wawo wa madzulo ndi wa madzulo kunonso. Mukazimitsa kamera bandulo imakhalitsa, ndiponso palibe amene akuoneni nkhope. Yambiri imachitika m'Chingerezi. Ine ndimaiona ngati ndodo yoyendera pamene mukufunafuna anthu apafupi. Mzungu wa ku London akhoza kukulimbitsani mtima usiku tulo titasowa, koma sangabwere ku shedi kwanu Lachisanu kudzakuperekezani kunyumba.

Pa mindandanda imeneyi muona mawu akuti open meeting ndi closed meeting. Woyambawo aliyense akhoza kulowa, ngakhale mayi akunyumba kapena ife azachipatala. Wachiwiriwo ndi wa okhawo ofuna kusiya mowa. Inu mukhoza kulowa yonse iwiri, chifukwa chofunika chokha kuti munthu akhale membala wa AA ndi kufuna kusiya kumwa. Palibe fomu, palibe chitupa, palibe kalata ya kwa amfumu.

Ndakhalapo monga mlendo pa misonkhano yotseguka, ndiye ndikuuzeni zimene mukaone kuti mantha achepe. Mipando imaikidwa mozungulira, anthu mwina asanu ndi awiri, mwina khumi. Msonkhano umatenga pafupifupi ola. Wina amawerenga mawu otsegulira, kenako amene akufuna amatchula dzina loyamba lokha n'kufotokoza za iye mwini. Akamalankhula palibe womudula, palibe womutsutsa, ndipo akamaliza palibe woimirira kuti amudzudzule. Tsiku lina bambo wina wachikulire anafotokoza mmene ankabisira kabotolo m'thumba la makala kuti akazi ake asakapeze, n'kumamwa manja ali bii. Chipinda chonse chinaseka. Sankamuseka iyeyo ayi, aliyense anali ndi thumba lake la makala, wina kudenga, wina m'gambutsi, wina kuseri kwa bafa. Pakona panali mnyamata wobwera koyamba, chipewa chili chotsitsa mpaka m'maso. Pamene anthu ankaseka ndinamuona akukweza mutu pang'onopang'ono. Tsiku limenelo sanayankhule kanthu, ndipo palibe anamukakamiza. Nanunso mukhoza kungoti mwabwera kudzamvetsera.

Chimene chimalemera pakamwa pa ambiri ndi mawu akuti chidakwa. M'Chichewa chathu ndi chitonzo, mawu amene apongozi amanong'onezana pa maliro. Mukamva munthu wovala bwino, amene watha zaka zisanu osamwa, akudzitchula yekha kuti ndi chidakwa, poyamba zimadabwitsa. Tanthauzo lake mkatimo ndi lina: akudzikumbutsa kuti thupi lake silitha kumwa botolo limodzi n'kulekera pomwepo, lero ngakhale zaka khumi zikubwerazo. Ganizo limene linakugwetsani tsiku la makabati lija ndikulidziwa ngakhale simunalilembe, ndi lakuti miyezi iwiri yakwana, tsopano limodzi lokha silingavute. Mawu olemerawo ntchito yake ndi kutseka pakamwa ganizo limeneli. Simukakamizidwa kuwanena mpaka mutawamva kuti ndi anu.

Za ndalama: salipiritsa. Kambale kamazungulira kuti apeze ya tiyi kapena ya chipinda, woponya aponye, wopanda adutsitse. Mwambo wawo umakana ngakhale thandizo la ndalama lochokera kwa anthu akunja kwa gulu, ndiye musayembekezere alawansi kapena ya transipoti monga ku misonkhano ya mabungwe.

Za mpingo: si mpingo, ndipo sakuchotsani ku mpingo wanu. Koma sindingakunamizeni kuti za Mulungu mulibe. Masitepe 12 amene amatsata amayamba ndi kuvomera kuti mowa wakuposa mphamvu, n'kupitirira ku kudalira mphamvu yoposa yako, Mulungu monga aliyense amamumvera, kudzifufuza, kupepesa ndi kubweza kwa amene unawalakwira, mpaka kuthandiza ena. Misonkhano yambiri imakhala ndi pemphero lalifupi. Mkatolika, wa CCAP, Msilamu ndi wosapemphera amakhala mpando umodzi osakangana. Ngati mbali imeneyi ikukuvutani, kuli SMART Recovery, imene inayamba mu 1994, yotsata njira za akatswiri a maganizo popanda za uzimu, ndipo nayo ili ndi misonkhano ya pa intaneti.

Tifike pa mantha anu aakulu. Lamulo la mkatimo ndi lakuti amene mwamuona ndi zimene mwamva zitsale momwemo. Mukakumana ndi wokudziwani, iyenso wabwerera zomwezo, ndipo chinsinsi chanu ndi chake zili m'thumba limodzi. Komabe ndi pangano la anthu, si lamulo la boma, choncho nkhani zikuluzikulu, za milandu kapena za m'banja mwa eni, muzisungire munthu mmodzi wodalirika kapena mlangizi. Ndinenenso ichi mwachikondi, achimwene: anthu a m'dera lanu akudziwa kale kuti mumamwa. Makasitomala amamva fungo, ana amaona mayendedwe. Chatsopano chimene angamve ndi chakuti mwayamba kufuna thandizo.

Munthu mmodzi wodalirika uja amamutcha siponsa. Musasokonezeke ndi dzinali, si wolipira fizi kapena wobwereketsa ndalama. Ndi membala amene wakhala nthawi yaitali osamwa, amene mumamusankha nokha kuti azikuyendetsani m'masitepe aja ndi kuyankha foni chibaba chikafika. Musathamangire. Pitani maulendo angapo, mumvetsere amene moyo wake mukuusirira, ameneyo mumupemphe. Mwambo wake ndi wakuti bambo asankhe bambo mnzake, mayi asankhe mayi. Ndipo musaweruze gulu ndi tsiku limodzi, chifukwa tsiku loyamba munthu amangomva kugunda kwa mtima wake. Yesani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo likapanda kukukwanani yesani lina.

Si aliyense wonena kuti amachiritsa uchidakwa amene ndi wabwino. Malo amene amafuna ndalama zambiri musanaone n'komwe mlangizi, amene amamanga anthu unyolo kapena kuwakwapula, amene amakuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala posonyeza chikhulupiriro, thawaniko. Chimodzimodzi ogulitsa zakumwa zoti akazi azithira mobisa m'chakudya cha amuna awo kuti azisanza akamwa: chiwindi chimene mowa wachifooketsa kale sichifunika kuchiwonjezera zosadziwika. Pemphero ndi labwino, ndipo ambiri amene ndawaona akuchira ndi anthu opemphera. Chimene chimandiwawa ndi munthu wopemphereredwa Lamulungu n'kuuzidwa kuti zatha, Lachitatu n'kugwa, kenako n'kumadzibisa ndi manyazi poganiza kuti ngakhale Mulungu wamukana. Gulu labwino limayembekezera kuti ena agwa, ndipo mpando wawo suchotsedwa.

Bwanji mukafufuza monsemo osapeza gulu loti mungafikeko? Mwambo wa AA womwewo umati zidakwa ziwiri kapena zitatu zikakumana ndi cholinga chosiya mowa zikhoza kudzitcha gulu, bola lisakhale nthambi ya bungwe lina. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Tinaona anthu amene ali ndi HIV akuyamba masapoti gulupu pansi pa mtengo nthawi imene kutchula matendawo kunali kovuta, ndipo amayi a banki m'khonde amakumana sabata ndi sabata popanda wowaitana. Pemphani mlangizi akulumikizeni ndi anzanu awiri, mupemphe chipinda, musankhe tsiku ndi ola losasinthasintha. Mabuku ndi timapepala tofotokoza kayendetsedwe ka msonkhano zimawerengeka pa aa.org, ndipo ofesi yawo ya ku New York ili ndi dongosolo lolemberana makalata ndi mamembala okhala kutali ndi gulu lililonse. Langizo langa ndi lakuti pakhale mmodzi amene watha nthawi ndithu osamwa, ngakhale azilowa pa foni, ndiponso kuti msonkhano usasanduke bwalo la ngongole kapena la ndale. Mukatero mudzakhala ndi chimene misonkhano ya pa Zoom ilibe, kukamba za chibaba m'Chichewa.

Kwa abale amene akuwerenga ali kunja: ku South Africa AA inafika mu 1946, misonkhano ndi yambiri ku Joni, ku Cape Town ndi ku Durban, ndipo mndandanda uli pa tsamba la AA ya dzikolo. Pakhomo safunsa pasipoti kapena pemiti. Kulinso bungwe la SANCA, limene lakhala likuthandiza a vuto la mowa kuyambira 1956. Ku Britain, kumene AA inayamba mu 1947, mumangolemba postcode pa tsamba lawo n'kuona misonkhano yapafupi, ndipo dokotala wanu wa m'dera, amene amamutcha GP, akhoza kukutumizani ku chithandizo. Ku Zambia poyambira pake ndi chipatala cha m'boma lanu kapena Chainama Hills ku Lusaka.

Mayi akunyumba nawo akudwala nawo matendawa, ngakhale samwa. Lois Wilson, mkazi wa Bill uja, anazindikira zimenezi, ndipo mu 1951 iye ndi mnzake anayambitsa Al-Anon, gulu la achibale a zidakwa, limene nalonso limakumana pa intaneti. Muwaonetse yankho lino, ndipo kuchipatala mupitire limodzi. Musawalonjezenso kuti simudzamwa mpaka kalekale, malonjezo otero awamva katatu. Auzeni tsiku ndi ola la msonkhano, aziona okha mukupita.

Tsiku lolandira ndalama mulikonzekere lisanafike, popeza mukulidziwa kale kuti ndi limene limakugwetsani. Ntchito yotsatira kasitomala atumize ndalamazo pa Airtel Money kapena pa Mpamba ya mayi, inu mutsale ndi ya minibasi. Mnzanu wa ku gulu mumuimbire musanatseke shedi, osati mutafika kale pakhomo la shabini. Mudye kaye, chifukwa njala ndi chibaba zimayendera limodzi, ndipo pobwerera mudzere njira ina ngakhale ikhale yozungulira. Zikavuta n'kumwa, msonkhano wotsatira mukapezekeko ndithu, mukanene. Ngati mwamwa masiku angapo motsatizana ndipo manja ayambanso kunjenjemera, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, musadikire tsiku la msonkhano, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.